Tsiku Limene Mkamwini Anakuwa pa Silabu

Nthawi inali itangokwana seveni koloko m'mawa, koma makina osakaniza konkire anali atayamba kalekale kubangula. Mumsewu wathu wothinana uja ku Tembisa, kuno ku Joni, ana a sukulu ankadutsa atatseka makutu. Mawilibala ankakwera ndi kutsika pa matabwa opita pamwamba pa nyumba, ndipo pamwambapo panaima mzimayi wamfupi, wathupi lake, atavala ovololo yabuluu ndi chisoti chachikasu, chitenje atamanga m'chiuno pamwamba pa ovololoyo. Amenewo ndiwo a Sabina Nangondo. Ife a ku Malawi timawaitana kuti amake Mavis, pomwe eni dziko amangoti Mama Foromani.

Ine ndinali pageti ndi mwana kumsana, ndowa ya mandasi ndi tiyi pambali, poti kumene amake Mavis akumanga ndi komwe ndimagulitsa. Madzulo ndimakonda kulemba nkhani za anthu athu a kuno. Zina mwa izi ndinaona ndi maso anga, zina anandifotokozera okha.

Tsikuli linali lothira silabu, denga la konkire lija amamangaponso zipinda zina pamwamba pake. Amayamba ayala matabwa, pansi pake n'kuimika mizati yambirimbiri yochirikiza, pamwamba n'kuluka zitsulo. Akatero amathira konkire tsiku limodzi, osapuma, chifukwa akayamba kugwira sabwereranso. Zipinda za kuseri kwa nyumba amake Mavis anamanga zosawerengeka, koma nyumba yosanja iyi inali yoyamba kupatsidwa m'dzina lawo. Mwini wake, namwino wina wa konkuno wa mtundu wa Chipedi, anachita kukangana ndi alongo ake. Iwo ankati mkazi akhoza kupaka pulasitala, koma silabu ndi ya amuna. Namwinoyo anakakamira. Ndiye silabu imeneyi ikanati ipindike kapena igwe, mbiri ikanafika ku Ivory Park dzuwa lisanalowe. Palibe akanawapatsanso nyumba yosanja, ndipo anthu onse amene amadyera m'manja mwawo akanabalalika.

Amake Mavis anabadwira kufupi ndi Bilira ku Ntcheu. Sukulu anailekezera panjira. Ntchito yoyamba imene manja awo anaidziwa inali kuzira. Mayi awo ankawatuma kudambo kukakumba dothi lakuda, n'kuwagwaditsa pakhonde kuti azire, kenako akwirize ndi nkhulungo mpaka pansi pachite kung'anima. Pakatsala kadzenje ngakhale kakang'ono bwanji, ankawabwerezetsa.

"Kumudzi palibe ankaitcha ntchito imeneyo," anandiuza tsiku lina. "Inali ya akazi basi, ngati kutunga madzi. Ndikufika kuno ndikupeza amuna akulandira ndalama chifukwa chozira khoma. Angosintha dzina, ati pulasitala."

Amuna awo, a Sydney, anali mmisiri womanga ndipo ndiwo anatsogola kubwera ku Joni. A Sabina anatsatira, atasiya mwana wawo Mavis ndi agogo ake. Mkati mwa sabata ankachapa ndi kusita m'nyumba ina ku Kempton Park, Loweruka n'kumakapondera amuna awo matope a simenti. Kenako a Sydney anayamba kudwala chifuwa, chipinda cha munthu wina chili chosatha. Mkono wawo unkalephera kunyamula chipande chomangira. A Sabina anachitola. Amuna awo anakhala padzuwa, pa ndowa yovundikira, n'kumawauza kuti apa mwachulutsa madzi, apo kokerani m'mwamba. Khoma litauma mwini chipinda analisisita ndi chikhatho, n'kuyamikira a Sydney kuti matenda sanawalande luso. Awiriwo anangoyang'anizana.

A Sydney atamwalira, mtembo n'kutumizidwa kumudzi, achibale anati mkazi yekha ku Joni sakhala, abwerere. Iwo anakana. Analowa ntchito kwa munthu wina wa makontirakiti. Kumeneko ankapaka makoma tsiku lonse limodzi ndi amuna, koma pamalipiro ankawawerengera ngati woponda matope. Atafunsa, bwanayo anaseka, amvekere mkazi alibe banja loti adyetse. Tsiku lomwelo anatsuka chipande chawo, kuchikulunga m'chitenje, ulendo. Anayambira pa khoma la chimbudzi cha mnansi wawo. Amayi a nyumba za lendi anayamba kuuzana, uyu kuuza uyu, mpaka a Sabina anafunika anthu owathandiza.

Lamulo lawo ndi limodzi: malipiro amatsata ntchito, satsata ndevu. Colleta, amene amayendetsa makina a konkire, amalandira zimene mwamuna aliyense akanalandira pa makina omwewo. Iyeyu anabadwira ku Zimbabwe, agogo ake anali a ku Dedza, ndipo Chichewa chake chimatuluka chosakanikirana ndi Chishona, pakamwa posatseka. Palinso a Newton, bambo wa imvi amene anagwirapo m'migodi, mnzawo wa malemu a Sydney. Poyamba iwowa analumbira kuti sangalamulidwe ndi mkazi wa mnzawo. Ganyu itasowa anabwera, chipewa chili m'manja. Lero munthu akanyoza amake Mavis, woyamba kuimirira amakhala a Newton.

Amuna onsewo anawatha. Amene anawavuta anali mmodzi, wofatsa kuposa onse: Limbikani, mkamwini wawo.

Mavis anakulira kumudzi ndipo anakwatiwa komweko. Chaka chatha anabwera ndi mwamuna wake, ali woyembekezera. Limbikani anayenda m'mageti a mafakitale ku Alrode mpaka nsapato kutha, ntchito osaipeza. Mwana anabadwa, lendi ikudikira. Amake Mavis ankadziwa kuti mnyamatayo ndi wamphamvu ndipo kumudzi ankaumba njerwa. Koma kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Sayang'anana kumaso, sadyera limodzi, sagundana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Akafuna kuuzana kanthu amadzera mwa munthu. Limbikani analeredwa choncho, a Sabina nawonso analeredwa choncho, ndipo zaka zonse za ku Joni sizinawachotse manyazi amenewo. Mzimayi amene amatha kukalipira dalaivala wa lole ya mchenga m'Chizulu mpaka kupepesa, akamva mawu a mkamwini wake ankakoka chitenje n'kuyang'ana kumbali.

Anamulemba ntchito kudzera mwa a Newton, ndipo ntchito yonse inkayenda kudzera mwa a Newton. Limbikani ataima pompo, amake Mavis ankayang'ana khoma n'kunena kuti, "A Newton, auzeni bambo a kwa Mavis kuti njerwa zichepa uku."

A Newton ankatembenuka. "Wamva, mphwanga? Njerwa."

Limbikani, maso ali pansi, ankayankha, "Auzeni amayi kuti zikubwera."

Colleta ankafa nazo ndi phwete. "A Newton, inu ndinu netiweki eti? Tsiku lomwe mudzadwale ndiye kuti foni zonse zadula. Mukamulipiritse mkamwiniyu mayunitsi!"

"Ponda konkire, iwe mwana wa ku Harare. Ulemu sumaudziwa."

"Ulemu ndimaudziwa, madala. Koma uwu ngwa mtengo wapatali, ukufunika wantchito wakewake."

Amake Mavis ankamva, osaseka. Ankadziwa kuti kutchalitchi anyamata ena amamunena Limbikani kuti akudya thukuta la apongozi, ndipo ankaona kuti ulemu umenewu ndi umene ukumusungira nkhope. Sanafune kumulanda.

Tsiku la silabu anagawa ntchito kusanache. Colleta pa makina, anyamata pa mawilibala, iwo eni pamwamba kusalaza konkire ndi thabwa lalitali. Limbikani anamuika pansi, m'kati mwa nkhalango ya mizati ija, kuti aziyendera umodziumodzi ndi hamala, akaona wina ukusuntha anene msanga. Ntchito imeneyo sapatsa munthu wamasewera. A Newton anawaika pa makwerero, pakati pa pansi ndi pamwamba.

Dzuwa litakwera, theka la silabu litathiridwa, dizilo wa makina anayamba kuchepa. Wodziwa kuyendetsa baki, kagalimoto kawo konyamulira katundu, anali a Newton okha. Amake Mavis anawaponyera makiyi. Panthawiyo m'mutu mwawo munali dizilo yekha. Zoti netiweki ya Colleta ija yachoka sanaziganize.

Mvula inali itagwa yamphamvu masiku apitawo. Pakona ya kumbuyo panali pamene kale panadutsa ngalande ya paipi, n'kukwiriridwa. Pamwamba nthaka inkaoneka youma, koma pansi inali itamwa madzi. Konkire atafika pakonapo, mzati wa pamenepo unayamba kumira pang'onopang'ono pamodzi ndi kathabwa kamene unapondapo. Limbikani anaona. Anamenya ndi hamala mphero, kamtengo kothinitsira mzati kaja, mphero inangolowa m'matope. Madzi a simenti anayamba kudontha pakati pa matabwa. Ndipo pamwamba penipeni pa mzatiwo ankamva mapazi a apongozi ake.

Ine ndinamuona akutuluka chothamanga, nkhope itasintha. Anayamba wapita pa makwerero, a Newton palibe. Anathamangira pageti. "Amake Faith, a Newton ali kuti?" Ndinamuuza kuti apita ku dizilo. Sanandiuze kanthu. Anathamangira kwa Colleta, n'kumuuza chinachake, koma makina aja ankameza mawu onse ndipo Colleta anangomukankha ndi chigongono kuti achoke panjira ya mawilibala. Anabwereranso pa makwerero. Apa ndi pamene sindimaiwala mpaka lero. Mnyamata uja anaima pansi pa makwerero, anavula chisoti n'kuchipana m'khwapa, anatsokomola. Anatsokomolanso. Kenako anawomba m'manja mwaulemu, monga achitira munthu wofika pakhomo pa apongozi, kudikira kuti amuone.

Pamwamba amake Mavis anali atawerama, akukoka thabwa lawo. Anaona kuti madzi a pamwamba pa konkire akuthamangira kukona. Anaganiza kuti pachepa konkire, n'kukodola anyamata kuti abweretse wilibala ina pomwepo. Wilibala yodzaza inayamba kukwera.

Limbikani ataona wilibalayo anataya chisoti. Makwerero aja sindikudziwa kuti anawakwera bwanji. Ndinangoona ali pamwamba, akuponda pa zitsulo, konkire akumufika m'akakolo. Anagwira apongozi ake pamkono, kuwakoka, n'kuwayang'ana m'maso, ndipo anakuwa mawu amene anaposa makina:

"Amayi! Chokanipo! Mzati ukumira!"

Aliyense anauma. Wa wilibala anaima pakati pa thabwa. Colleta anazimitsa makina, ndipo bata limene linagwa linali loopsa kuposa phokoso. M'batamo tonse tinamva thabwa likulira pansi pa kona ija, kuti tswee.

Amake Mavis anandiuza pambuyo pake kuti choyamba kubwera m'mutu mwawo sichinali silabu. Anaona dzanja la mkamwini pamkono pawo, manyazi anawagwira, anafuna atalowa pansi. Kunali koyamba kuona bwinobwino nkhope ya mwamuna wa mwana wawo. Anaona kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso. Kenako thabwa lija linaliranso, manyazi onse n'kuwachoka.

"Wilibala ibwerere! Nonse kumbali ya msewu! Colleta, mafosholo!" Anatembenukira kwa Limbikani, pamaso ndi pamaso. "Mzati uti?"

"Wa pakona, amayi. Ndi unzake wayamba."

"Wamira bwanji?"

Anawaonetsa ndi zala.

"Tiupeza. Tiyeni."

Sanalole munthu kulowa pansi kona ikadali yolemera. Anaimika anyamata pa khoma, pamene pali polimba, kuti akokere konkire wa pakonapo kumbali ndi mafosholo. Baki inali itapita ndi jeke wake, ndiye anatuma Colleta kwa makaniko wa matayala kuseri kwa sipaza, kagolosale ka mumsewu mwathu. Colleta anabwera atasenza jeke paphewa, makaniko akumuthamangira pambuyo kufunsa kuti akupita naye kuti. Kona itapepuka, amake Mavis anamasula chitenje chawo, kundiponyera ine, n'kunena kuti wolowa pansi ndi iwo ndi munthu mmodzi yekha. Anyamata anayang'anizana. Limbikani anali atanyamula kale matabwa.

Ndinasuzumira pazenera. Malo ake anali othina, mizati mbali zonse, madzi a simenti akuwadonthera m'khosi. Anayala matabwa okhuthala pamatope paja mopingasa, kuika jeke pamwamba, ndi mzati watsopano pamwamba pa jeke. Amake Mavis anagwada, levulo ili m'manja, diso lili pa thabwa la pamwamba. Limbikani ankapopa. Mapewa awo ankagundana.

"Pang'ono. Pang'ononso. Imani! Mwamva kulirako? Dikirani likhazikike."

"Ndipitirize, amayi?"

"Pitirizani, bambo. Dzanja lanu lili bwino. Musathamange."

Kona ija inakwera ife tikuona, pang'onopang'ono ngati munthu wodwala akudzuka pamphasa. Itafika pamzere anaimika mizati ina iwiri pa matabwa aja, kumenya mphero, kugwedeza uliwonse ndi manja awo. Anayendera mizati yonse ya m'nyumbamo, awiriwiri, wina akumenya wina akumvetsera. Atatuluka, amake Mavis anali otuwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anakanda konkire wa pamwamba ndi chala, anapeza akadali wofewa.

"Colleta, liza makina!"

A Newton anafika ndi zigubu za dizilo n'kupeza apongozi akukuwira mkamwini kuchokera pamwamba kuti ayang'anenso pakona, mkamwini akuyankha kuchokera pansi kuti pali bwino. Anaima kukamwa kuli yasa.

"Madala, ntchito yakutherani," anatero Colleta. "Amangitsa netiweki yawoyawo."

Dzuwa likupendeka silabu inatha. Amake Mavis anaimalizitsa okha, akubwerera chambuyo ndi thabwa lawo, dzanja likuyenda mofatsa monga ankachitira pakhonde la mayi awo. Ndinakwera makwerero koyamba m'moyo wanga kuti ndione. Kuchokera kukona mpaka kukona panali posalala, pong'anima, mitambo ikuoneka m'menemo. Kumbali kunkaoneka madenga a malata a Tembisa yense, ndege zikutsikira ku bwalo la ndege, ndipo pakati pa zonsezo mzimayi wa ku Bilira ataima manja m'chiuno. Namwino uja atabwera kuchokera ku ntchito anakwera ndi yunifolomu yake yoyera. Amake Mavis sanamubisire, anamutengera pansi n'kumuonetsa mizati yatsopano ndi pamene panamira. Namwinoyo anagwedeza mzati umodzi, sunasunthe. Anatulutsa foni n'kujambula silabu yonse kuti atumizire alongo ake.

Koma Limbikani sanaoneke pa tiyi. Anakhala kuseri kwa mulu wa mchenga, mutu uli m'mawondo. Anauza a Newton kuti mawa sabwera. Anati wagwira apongozi, wawakalipira pagulu, nkhani ikafika kumudzi makolo ake adzayenda bwanji. Anatinso akanapanda kutaya nthawi ndi kuwomba m'manja, thabwa silikanafika polira. Mbali zonse ziwiri ankadziona wolakwa.

A Newton atabweretsa mawuwo, amake Mavis anakhala pansi n'kuyamba kuchotsa simenti m'zikhadabo. Anaona kuti mlanduwo sunali wa mnyamatayo yekha. Iwo eni ndi amene anaika munthu woti sangawalankhule pa ntchito yofunika kukuwa, n'kuchotsapo pakamwa pake kukagula dizilo. Mwambo sankafuna kuutaya ngati chinthu chonunkha. Koma anakumbukira kuti mwambo womwewo uli ndi khomo lake. Kwawo, apongozi akafuna kuti amasukirane ndi mkamwini, amaitana ankhoswe, amapha nkhuku, awiriwo n'kudyera mbale imodzi anthu akuona. Zikatero amalankhulana, ulemu uli pomwepo. Kawirikawiri zimachitika patapita zaka, adzukulu atakula. Iwo analibe zaka zodikira, pamwamba pa silabuyo panali zipinda zoti zimangidwe.

Anaimbira alongo awo ku Ntcheu, amene ndi nkhoswe ya Mavis. Ndinkamva mbali yawo yokha. "Ayi achimwene, sanandinyoze. Akanapanda iyeyo bwenzi mukulandira bokosi lachiwiri kuchokera ku Joni. Inu mudzangokhala pa foni Loweruka, tidzakuikani pampando." Kenako anaitana a Newton. "Aka ndi komaliza kukutumani, a Newton. Kawauzeni bambo a kwa Mavis kuti mawa abwere, silabu ikufunika kuthirira madzi. Loweruka adzadye kwathu. Zipinda za pamwambazi ndikufuna ndiwaphunzitse kugwira chipande, ndipo sindingaphunzitse munthu ndikuyang'ana khoma."

A Newton anapita kuseri kwa mchenga. Patapita kanthawi tinaona Limbikani akudzuka, kukatola chisoti chake pamene anachitaya, n'kuchipukuta ndi malaya.

Ndikulongedza makapu, amake Mavis anabwera kudzatenga chitenje chawo. Anachimanga m'chiuno, anaseweretsa mwana wanga patsaya ndi chala chotuwa, kenako anati:

"Amake Faith, Loweruka m'mamawa mukandigulire nkhuku yamoyo kumsika. Yachikuda, tambala wamkulu, osati zoyera zija zosalimba mafupa. Ndiye zija mumalembalemba zija, mukafika pa mkamwini wanga musamuseketse anthu, ndi mwana wa eni ake. Kuchedwa lembani kuti anachedwa, poti anachedwadi. Koma mulembenso kuti anakwera, ndipo anakuwa."